Thonje pa Msana wa Vailet

Vailet, mkazi wa Abel Shawa wa ku Kapata, anali ndi khalidwe limodzi limene anzake ankalikonda pokhapokha likagwera wina. Cholakwa sankachilola kudutsa. Amayi a Chigwirizano akadumpha ndime ya nyimbo, iye ankaiyamba yekha motsitsa mawu mpaka onse abwerere. Telala akasoka kolala yopendekeka, ankaima pomwepo pakhonde la sitolo mpaka aimasule n'kuisokanso. Sankakalipa ayi, ndipo n'chimene chinkawawa kwambiri. Ankangonena mwaulemu, akumwetulira, kuti si choncho.

Anatengera bambo ake, aphunzitsi a Sankhani a ku Tamanda, amene ankatha kuimitsa kwaya yonse pakati pa nyimbo chifukwa cha mtsikana mmodzi wothamangira kutsogolo. Vailet anakulira m'nyumba imeneyo, anafika Sitandade 6, Chizungu ankawerenga osapunthwa, ndipo mtima wake wonse unali pa unamwino. Koma panyumbapo panali ana aamuna oti apitirize sukulu, choncho za unamwino zinafera m'mazira, iye n'kukhala pakhomo akuphunzitsa Sande sukulu. Sanadandaule pagulu. Anangotsimikiza mumtima kuti akadzakwatiwa adzakwatiwa ndi munthu wonunkha mankhwala a kuchipatala, ndipo zinaterodi.

Munthuyo anali Abel, Mngoni wa kumidzi ya kwa Mpezeni, wa banja lakale mumpingo, alimi a ng'ombe ndi fodya. Apa panali kanthu kamene atsibweni a Vailet sanakakonde. Kwa Achewa a kwawo mwana ndi wa kwa mayi ake. Kwa Angoni, ng'ombe zikangolowa m'khola la kuchikazi, ana ndi a kuchimuna, ukwati uthe usathe. Atsibweniwo anang'ung'udza, koma aphunzitsi anati ukwati wa mumpingo sutha, ndiye nkhani yogawana ana ikuchokera kuti? Ng'ombe zinalowa m'khola, Vailet n'kusamukira ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Kapata.

Abel anali dilesa pachipatala, ndiye kuti wotsuka ndi kumanga zilonda. Manja anali nawo mwamuna ameneyu. Chilonda chimene anzake ankachiyandikira atagwira mphuno, iye ankachitsuka akucheza ndi mwini wake za mvula ndi mitengo ya chimanga chakumunda, mpaka wodwalayo kuiwala kulira. Koma umupatse buku, tsamba lisanathe mutu unali utayamba kale kuwerama. M'zaka za Chitaganya zija, chaka chimene mwana wawo woyamba Dolika anabadwa, kunamveka kuti madilesa akale adzalemba mayeso, ndipo wokhoza adzakwezedwa, azidzaona odwala yekha pa kachipatala ka kumudzi. Abel anabwera ndi buku lobwereka, analiika patebulo n'kuliyang'ana ngati lamutukwana. Gawo limene linkamuthetsa nzeru linali la matenda a pakhungu.

Vailet analitola bukulo, ndipo kunena zoona analilandira ngati mphatso yake. M'mawa ankawerenga uku akuyamwitsa, madzulo dzuwa lisanalowe ankamukhazika mwamuna wake pakhonde, sukulu n'kuyamba.

"Atate ake Dolika, mwana wabwera ndi tizilonda kuzungulira mphuno ndi pakamwa, nkhanambo zake zachikasu ngati uchi wouma. N'chiyani?"

"Zilonda chabe izo. Timatsuka, n'kupaka jiivi, mankhwala a zilonda aja."

"Zimenezo ndi zochita. Ine ndafunsa chimene chazibweretsa."

"Mabakiteriya."

"Penisilini angagwire?"

"Angagwire."

"Chithupsa?"

"Mabakiteriyanso."

"Nanga njerewere?"

Abel ankakanda m'mutu. "Njerewere... penisilini yemweyo."

"Mwataya jekeseni wa boma pachabe. Njerewere ndi vairasi, penisilini alibe nazo ntchito. Mumubaye munthu mpaka thako litupe, njerewere zake adzabwerera nazo. Tiyambenso."

Zimene bukulo linkanena m'Chizungu chokhotakhota, Vailet ankazitembenuza kuti zilowe m'mutu wa munthu wotopa. Nthomba ndi katsabola zinkamusokoneza Abel papepala, ngakhale kuti ndi maso ankazisiyanitsa. Mkaziyo anamuuza kuti katsabola ndi wamanyazi, amabisala m'malaya, pamimba ndi pamsana, ndipo matuza ake sabadwa tsiku limodzi, ena akuuma ena akungotuluka kumene. Nthomba ilibe manyazi, imakhala pankhope, m'mikono, mpaka m'zikhatho ndi kumapazi, ndipo matuza ake onse amakula pamodzi. Abel anaseka mpaka kutsokomola, koma sanaiwalenso. Anthu oyandikana nawo anayamba kubwera ndi timipando kudzamvera, makamaka Elesi wa khomo lachiwiri, amene ankakonda kuona dilesa wamkulu akukonzedwa ndi mkazi wake. Abel sankachita manyazi. Ankati m'nyumba mwake muli hedimasitala, ndipo ankanena monyadira.

Tsiku lina kumpopi wa madzi, Elesi yemweyo anamugwira Vailet paphewa.

"Amake Dolika, mwalasidwa ndi chiyani? Pamsana panu pali magazi."

Vailet anamasula mwana. Chipini chomangira kamalaya ka mwanayo pakhosi chinali chitatseguka, ndipo nsonga yake inali itaboola bulauzi n'kulowa m'khungu, m'munsi mwa phewa lakumanzere. Chinali chitakhala chikukanda pamenepo njira yonse. Elesi anadabwa kuti munthu angalasidwe chotero osalira mayo, Vailet n'kuseka, akuti msana wa mayi ndi chikopa. Koma pobwerera kunyumba ndowa inamulemera kuposa masiku onse. Malo amenewo ankawadziwa. Panali banga lotuwa, lalikulu ngati pakamwa pa kapu, limene linabwera ali ndi pakati. Abel analiona nthawi imeneyo mongodutsa, monga amachitira anthu a kuchipatala ndi matenda a m'nyumba mwawo, n'kunena kuti ndi chikanga, chidzatha chokha. Silinathe, ndipo silinkayabwa.

Akanakhala mkazi wina, mwina akanaiwala. Koma uyu anali ndi buku patebulo, ndipo mutu umene anayenera kumufunsa mwamuna wake sabata imeneyo unali wa khate. Anauwerenga ali chiimire. Bukulo linati khate limabwera ndi mabakiteriya oyenda pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri limayamba ndi banga lotuwa, losayabwa, losatuluka thukuta, limene munthu akakhudzidwapo samva. Anatseka chitseko, anatenga kagalasi kometera ka Abel, n'kudzipotokola mpaka khosi kuwawa. Banga linali pomwepo, m'mphepete mwake mutatukuka pang'ono, pakati pake pali chilonda cha chipini chimene mpaka nthawi imeneyo sichinkapweteka.

Mantha anamugwira, mantha enieni. Sankaopa kwambiri zala zoduka, pakuti buku lomwelo linanena za mapiritsi atsopano amene ankaimitsa matendawa. Ankaopa zimene ankazidziwa popanda buku. Wakhate ankapatsidwa mbale yake ndi chikho chake, ndipo akale ankati ngakhale kumanda a anthu onse sankaikidwako. Amene matenda awakulira ankatumizidwa kumudzi wa akhate, kutali, ndipo mayi wopita kumeneko kawirikawiri sankapita ndi khanda. Nanga Dolika akanapita kuti? Osati ku Tamanda. Ng'ombe zinali zitayankha kale funso limenelo. Akanapita kwa apongozi ake, a Ketilina, ndipo kuchokera m'manja mwa a Ketilina chinthu sichinkabwerera wamba.

Madzulo amenewo sukulu inachitika monga mwa masiku onse. Vailet anamufunsa Abel zizindikiro za khate chimodzichimodzi, ndipo Abel anayankha bwino kuposa kale, pakuti akhate ankawaona kuntchito. Vailet ankadikira kuti mwamunayo akumbukira banga lija. Sanakumbukire. Munthu amaloweza zizindikiro za wodwala wa m'buku, osaganiza kuti wagwira bukuyo ali ndi khungu.

Lamlungu lotsatira, atabwera kutchalitchi, Abel anatulutsa kachidutswa ka thonje m'thumba la malaya. Anati adokotala anena kuti pamayeso aliyense adzapatsidwa wodwala weniweni kuti amupime banga pamaso pawo, ndiye akufuna ayeserere. Kapimidwe kake n'kosavuta. Wodwala amatseka maso, wopima amamukhudza ndi kansonga ka thonje, pena pakhungu labwino pena pabanga, kuti aone ngati pabangapo pakumva.

"Amake Dolika, ndibwerekeniko chikanga chanu chija tiphunzirirepo," anatero akuseka. "Chigwireko ntchito, chakhalitsa pamsanapo chaulesi."

Vailet akanatha kunena kuti watopa, kapena kuti Lamlungu si tsiku la ntchito, ndipo Abel akanavomera mosangalala. Sanatero. Anamugoneka Dolika pamphasa, anatsegula zenera kuti m'nyumba muwale, anatsitsa bulauzi n'kukhala pampando moyang'ana kukhoma.

"Tsekani maso. Apa mwamva?"

"Ndamva." Linali phewa lakumanja, ndipo anamvadi.

"Nanga apa?"

"Ndamva."

"Apa?"

Pamenepo sanamve kanthu. Koma liwu loti apa linali litamuuza kale kuti thonje lafika, ndipo pakamwa panayankha pokha mutu usanaganize.

"Ndamva."

"Apa?"

"Ndamva."

"Basi, mulibe kanthu inu!" Abel anawomba m'manja. "Chikanga chenicheni. Manje nenani, ahedi, ndakhoza kapena sindinakhoze?"

Anayamba kumukwezera bulauzi. Taonani mwayi umene unamugwera mkaziyu. Wapimidwa ndi munthu wa kuchipatala, mwamuna wake yemwe, ndipo wauzidwa kuti alibe kanthu. Palibe akanamunena kuti anabisa. Dolika anali pamphasa akuyamwa chala chakuphazi, ndipo chimene chinkafunika kuti akhalebe pamphasa imeneyo chinali liwu limodzi lokha, loti mwakhoza. Vailet analifuna liwulo ndi mtima wake wonse. Koma ankaonanso anthu ena onse amene mwamunayu adzawapime chomwechi kumudzi, yekha, popanda womukonza, ndipo ankaona msana umenewu ukubereka mwana tsiku ndi tsiku, mwini wake osadziwa chimene chili m'khungumo.

"Simunakhoze," anatero.

"Aa! Ndalakwitsa pati?"

"Mukamati apa, mwamuuza kale munthu kuti mwamukhudza. Munthu wamantha azingoti ndamva, ndamva, inu n'kumubweza kwawo ndi matenda ake. Wopima amakhala chete. Yambaninso, pakamwa mutseke. Ndikamva ndiloza ndi chala."

Abel anadandaula pang'ono kuti m'nyumba muno munthu sakhoza msanga, koma anamvera. Vailet anatsekanso maso. Thonje linakhudza pakhosi, iye n'kuloza. Linakhudza m'nthiti kumanja, n'kulozanso. Kenako kunangoti zii. Anamva nkhuku ikupalasa kuseri, anamva ana akuthamangitsa gudumu la njinga mumsewu, anamva mpweya wa mwamuna wake kumbuyo. Anadziuza kuti mwina Abel waphunzira msanga, akumuyesa dala pongoima osakhudza. Anadikira ndithu, mpaka kudikirako kunamukwana.

"Pitirizanitu. Mwagona?"

Abel atayankha, mawu ake anali aang'ono, ndipo anamutchula dzina limene sanalitchule chibadwire mwana.

"Vailet, thonje lili pamsana pako kuyambira kale."

Vailet anakhala choncho osatembenuka. Anamva mwamunayo akudzuka, akutuluka, kenako phokoso la madzi m'beseni kuseri kwa nyumba. Abel ankasamba m'manja. Ankadziwa bwino, kuposa aliyense ku Kapata, kuti khate silidumphira munthu chifukwa chokhudza kamodzi, koma mantha amene munthu anayamwira sachoka ndi buku. Vailet anamva madziwo ndipo analira, mwakachetechete, kuti mwana asadzidzimuke.

Abel atabwerera maso ali psuu, anagwada pafupi ndi mpando n'kupepesa, kenako anayamba nzeru zachimuna zokonza zinthu mwamseri. Anati asauze munthu. Anati mapiritsi angathe kuwapeza iye kuntchito, azimwa m'nyumba, Kapata yense osadziwa. Kapena adikireko mayeso adutse.

"Mwapima theka chabe," Vailet anamuyankha. "Khate lili mitundu. Lina ndi la banga limodzi, lina tizilombo timadzaza thupi lonse. Tinawerenga limodzi. Popanda adokotala kuona pa makina awo oonera tizilombo, mudziwa bwanji ngati mwanayu ndingamubereke kapena ayi? Ndipo mapiritsi akuba ine sindimwa."

M'mawa mwake anavala diresi lake la kutchalitchi, anamusiya Dolika kwa Elesi, n'kukaima pamzera wa odwala pachipatala, pomwe theka la Kapata linkadutsa. Anthu a mtima wotere alipo ochepa, ndipo amatopetsa kukhala nawo, koma ndi amene umafuna akhale pafupi zinthu zikavuta. Adokotala anamupima mwakachetechete ndi thonje, anamugwira mitsempha ya m'zigongono, anamucheka pang'ono kukhutu ndi m'mphepete mwa banga kuti akaone pa makina. Anamugoneka m'kachipinda kapadera, akuti akhale pomwepo mpaka atsimikize mtundu wa matendawo ndi kuona mmene thupi lilandirire mapiritsi.

Nkhani ya khate siyenda pansi. Sabata isanathe inali itafika kumudzi kwa Abel, ndipo a Ketilina anatulukira ku Kapata ndi nsalu yatsopano yoberekera. Sanafunse chilolezo. Anamutenga Dolika m'manja mwa Elesi, anasiya timalaya take tonse pakhonde kuti titenthedwe, n'kubwerera naye kumudzi. Abel anaima pakhomo manja ali lende. Munthu wotsuka zilonda zoopsa osaphethira uja, pamaso pa mayi ake anali kamwana. Anakamuuza mkazi wake pazenera la kachipinda kaja, ndipo Vailet sanamukalipire. Anangotembenukira kukhoma, mawere atatupa ndi mkaka wopanda woyamwa.

Mayeso anachitika m'masiku omwewo. Abel anapatsidwa bambo wina wa banga pantchafu, anamupima pakamwa atatseka, ndipo anakhoza. Nkhani imeneyo inasowa woisangalalira.

Patapita masabata angapo adokotala anamuitana Vailet. Anati pa makina sanapeze tizilombo, khate lake ndi la banga limodzi lija, ndipo labwera nalo msanga. Apite kunyumba, azimwa mapiritsi mosadumphitsa kwa zaka, azibwera kudzaonedwa, ndipo mwana amulere monga mayi aliyense. Zinayendadi choncho. Mapiritsiwo anawamwa mokhulupirika mpaka anauzidwa kuti asiye, zala zake zinakalamba zonse zili zathunthu, anaberekanso ana ena, ndipo ku kachipatala kumene Abel anatumizidwa, amayi ambiri obisa mabanga ankayamba kufika kukhomo lakuseri kwa Vailet asanalimbe mtima kukaima pamzera. Koma zonsezo zinali kutsogolo. Tsiku limenelo anatuluka pachipata cha chipatala ali ndi kabotolo ka mapiritsi m'manja, kumsana kulibe kanthu.

Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anamuuza Abel kuti apope njinga.

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. A Ketilina anali pabwalo akusankha mtedza, mayi wamtali wouma thupi, amene analera ana ake yekha mwamuna wake ali ku migodi. Dolika anali pamiyendo pawo, atanenepa, atametedwa mpala. Vailet anagwada patali monga mwa ulemu wa mtengwa, koma anaona kuti mphasa imene anamuyalira inali patali kuposa pamene ulemu umafunira. Madzi anamubweretsera m'chikho chakale chong'aluka, ndipo wobweretsayo anachiika pansi m'malo momupatsira m'manja. Anamwa madziwo onse, n'kuthokoza.

Abel anayamba kufotokoza. Ananena za makina, za mitundu ya khate, za mapiritsi, mawu a Chizungu akugwera m'kati chifukwa cha mantha. Mayi ake anamusiya alankhule mpaka mawu anamuthera.

"Wamaliza?" anafunsa. "Ine khate sindinalione m'buku. Mlongo wanga ndinkamudyetsa ndine ndi supuni, zala zitatha. Nayenso linayamba ndi kabanga kamodzi. Manje iwe ufuna ndipereke mwana wa Shawa akagone pabanga? Mwanayu ndi wa pano. Ng'ombe zinapita, aphunzitsi analandira ndi manja awiri."

Panalibe chotsutsa pamenepo. A Ketilina anatembenukiranso kwa mwana wawo, ukali ukukwera.

"Ndipo iwe, wa kuchipatala iwe, unkagona nyumba imodzi ndi munthu, chaka chathunthu osaona? Mwayi wake unapima. Ukanapanda kupima, akanabisa mpaka liti?"

Apa Abel anachita chinthu chimene chinamubwezera ulemu pamaso pa mkazi wake. Anaweramitsa mutu n'kunena mmene zinayendera. Anati iye anapima n'kunena kuti palibe kanthu, bulauzi anali atakweza kale, nkhani itatha. Anati ndi Vailet amene anamubweza, namuuza kuti wapima molakwa, namuphunzitsa kapimidwe koti kamugwire iye mwini. Anati ngakhale pambuyo pake iye anafuna kubisa, mkaziyu n'kukana, n'kukaima yekha pamzera.

A Ketilina anasiya mtedza. Kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana mpongozi wawo kumaso.

"N'zoona zimenezi?"

"N'zoona, amayi."

"Unkadziwa kuti ndidzabwera kudzatenga mwana?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga unalankhuliranji? Munthu wakuuza kuti uli bwino."

"Sindinali bwino, amayi. Ndipo mwanayo ndimamubereka pamsana pomwepo. Ndikanakhala chete, bwenzi lero ndili naye, koma osadziwa ngati ndikumupha kapena ayi. Tsopano ndikudziwa. Adokotala akanati ndi mtundu woopsa uja, ndikanabwera naye ndekha kuno kudzakupatsani."

Mayi wachikulireyo anali munthu wouma mtima pa zambiri, koma bodza ankalidziwa fungo, ndipo apa sanalimve. Anamupatsa Abel mwana, anadzuka, n'kumuuza Vailet kuti amutsatire kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko anamuuza atsitse bulauzi. Analiyang'ana bangalo pafupi, kenako analikanikiza ndi chala chawo chachikulu, chopanda nsalu, chopanda thonje. Anamugwira manja onse awiri, anatambasula zala chimodzichimodzi, anayang'ana nsidze ndi makutu monga munthu amene anaonapo kumene matendawa amathera.

"Mapiritsiwo uli nawo?"

Vailet anaonetsa kabotolo.

"Ukadzadumphitsa tsiku limodzi, ndidzamva, ndipo ndidzabwera."

"Mudzabwere, amayi."

Atabwerera pabwalo, Vailet anatambasula manja kwa mwana wake, ndipo Dolika anamuyang'ana, anakwinya nkhope, n'kulira akufuna agogo ake. Anali atazolowera phala ndi fungo la utsi wa nyumba ina. Vailet anayesa kumupatsa bere, mwana anakana, ndipo mkaka womwewo unali utatsala pang'ono kuuma. Chimenecho chinamupweteka kuposa chikho chong'aluka chija, ndipo misozi sanaibise. Kuyamwitsa kunathera pomwepo.

"Werama," anatero a Ketilina mwaukali, ngati kuti misoziyo ikuwanyansa. "Mwana sanyengereredwa m'manja. Akamva kuyenda agona."

Vailet anawerama. Apongozi ake anamuika Dolika pakati pa msana, anaponya nsalu yatsopano ija, anaikokera kutsogolo n'kumanga okha mfundo yolimba. Mwana analirabe pang'ono, kenako anagoneka tsaya lake pansi pa phewa lakumanzere, mpweya ukutuluka mwa befu. Vailet ankamva kulemera kwake, ankamva timiyendo m'chiuno, koma pamene panagona tsayalo sankamvapo kanthu, ngakhale kutentha. Anaima kaye. Kenako anamasula mfundo pang'ono, anamusuntha mwanayo kumanja mpaka mutu wake unatulukira m'khwapa, n'kumanganso.

"Iwe, wabereka mokhota," anatero a Ketilina. "Mwana wa aphunzitsi osadziwa kubereka? Bwera ndikonze."

"Musiyeni choncho, amayi," anayankha Vailet. "Mbali ino ndi imene ndikumumva akupuma."